Lipoti la nkhani: zidandaulo za umwini pa mavidiyo a maukwati ku Mufakose, ndi momwe ndalama zinagawidwira

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timathandiza oimba ndi ojambula mavidiyo pa nkhani za umwini wa nyimbo, muno mu Harare ndiponso kumudzi ku Malawi. Maina a anthu, a kwaya, a situdiyo ndi a kampani yofalitsa nyimbo ndawasiya dala, chifukwa anthuwa akupempherabe mpingo umodzi ndipo ena mwa iwo ndi apachibale. Nkhaniyi inayamba ngati mkangano wa mnyamata ndi makina a YouTube, koma titaifukula tinapeza kuti makinawo ankangotsatira zimene munthu mmodzi anawauza, ndipo funso lenileni, lakuti nyimbozo ndi za yani, linali lisanafunsidwepo n'kamodzi komwe pakati pa mbali zinayi zimene zonse zinali ndi gawo lake.

Mmene zinthu zinalili poyamba

Amene anabwera kudzapempha thandizo ndi mnyamata wobadwira ku Mufakose, dera lina la mzinda wa Harare, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Ntchito yake ndi kujambula maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya amayi a mvano ndi miyambo yovundukula ziliza pakati pa anthu olankhula Chichewa ku Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Epworth. Eni mwambo amamulipira pojambula, kenako mavidiyowo amawaika pa tchanelo chake cha YouTube kuti achibale amene ali ku Lilongwe, Johannesburg ndi London aone zimene sanathe kudzaona ndi maso. Tchanelocho chinali chitadutsa mlingo umene YouTube imafuna kuti munthu ayambe kulandira ndalama za otsatsa malonda, womwe ndi olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo gawo la mwini tchanelo pa mavidiyo aatali ndi 55 peresenti. Ndalamazo sizinali zambiri, koma popeza oonera ambiri anali kunja, kumene otsatsa malonda amalipira bwinoko, miyezi yambiri zinkadutsa madola 100 amene AdSense, njira imene YouTube imalipirira eni matchanelo, imadikira isanatumize, ndipo zinkamuthandiza pa lendi ya chipinda ndi data.

M'mavidiyo ake ambiri munkaimba kwaya ya mpingo wawo, imene imaitanidwa kwambiri ku maukwati. Kwayayi inali itajambula chimbale cha nyimbo 8 ku situdiyo ya m'nyumba ya bambo wina wa mpingo womwewo ku Highfield. Mamembala anasonkherana ndalama zolipira situdiyo, koma zinatha ntchito ili pakati, ndipo mwini situdiyo anamaliza chimbalecho pa ngongole, naonjezeramo kiyibodi, gitala ndi ng'oma zoimba yekha. Panalibe chimene chinalembedwa. Aliyense amene ndinamufunsa pambuyo pake ankati anagwirizana pakamwa, koma zimene ankakumbukira kuti anagwirizana zinali zosiyana.

Chizindikiro choyamba, ndi zimene mnyamatayu anachita asanabwere kwa ine

Mwezi wina ndalama za tchanelo zinatsika kwambiri pamene chiwerengero cha oonera sichinasinthe. Atatsegula YouTube Studio, tsamba limene mwini tchanelo amaonerapo za mavidiyo ake, anapeza mavidiyo 11 ali ndi chidandaulo cha Content ID (makina a YouTube amene amafananitsa mawu a m'vidiyo ndi nyimbo zimene eni ake analembetsa), chochokera ku kampani ya kunja imene anali asanaimvepo, yoimira dzina la situdiyo ya ku Highfield. Mauthenga omudziwitsa anali atabwera kale ku imelo imene sankaitsegula. Kuchedwa kumeneku kunali ndi mtengo wake. Munthu akatsutsa chidandaulo m'masiku 5 chiikidwireni, YouTube imasunga ndalama zonse za vidiyoyo kuyambira tsiku loyamba mpaka mkangano utatha, koma akachedwa, kusungako kumayambira tsiku limene watsutsa, ndipo za m'mbuyo zimakhala zitapita kwa wodandaula, ndiye kuti amene anaika chidandaulocho. Mnyamatayu anazindikira patapita masabata.

Usiku womwewo anatsutsa zidandaulo zonse 11 ndi mawu ofanana, akuti kwaya inamuloleza ndipo dzina la kwaya analitchula pansi pa vidiyo iliyonse. Wodandaula amakhala ndi masiku 30 oti ayankhe, ndipo akapanda kuyankha chidandaulo chimafa chokha, koma kampaniyi inayankha msanga ndi kukana zonse. Mnyamatayu anachita apilo pa vidiyo imodzi imene inali ndi oonera ambiri kuposa zonse. Pa apilo wodandaula amapatsidwa masiku 7, ndipo sangangokana monga poyamba paja: ayenera kusiya chidandaulo kapena kupempha mwalamulo kuti vidiyo ichotsedwe. Kampaniyo inasankha kuti ichotsedwe, ndipo inamupatsa masiku 7 oti abweze apilo yake ngati akufuna kupewa chilango. Sanabweze, poganiza kuti akungomuopseza. Vidiyo inachotsedwa ndipo tchanelo chinalandira strike yoyamba, ndiye kuti chilango chimene chimalembedwa pa tchanelo chonse.

Anzanga, kusiyana kwa zinthu ziwirizi tiyenera kukufotokoza mobwerezabwereza kwa amene timawathandiza. Chidandaulo cha Content ID, makina amene YouTube inayambitsa mu 2007, chimangokhudza vidiyo imodzi, ndipo mwini nyimbo amasankha kuitseka, kutenga ndalama zake, kapena kungoona chiwerengero cha oonera. Tchanelo sichikhala pa ngozi. Koma strike imabwera ndi pempho la lamulo lochotsa vidiyo, motsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998, ndipo zikakwana zitatu tchanelo chimatsekedwa pamodzi ndi mavidiyo onse. Mnyamatayu anafika kwa ine akufuna kuchita apilo pa mavidiyo ena 10 otsalawo. Akanatero, ntchito yake ya zaka zambiri ikanatha m'sabata imodzi.

Zimene tinapeza

Ntchito yoyamba imene ndinamupatsa inali yakuti asagwirenso batani lililonse, koma akhale pansi alembe vidiyo iliyonse payokha: tsiku limene inaikidwa, mphindi imene chidandaulo chikuloza, dzina la nyimbo, ndi kumene mawu omveka pa mphindiyo anachokera. YouTube Studio imaonetsa mphindi yeniyeni imene makina anafananitsa, ndipo ndi pamenepo pamene aliyense wa ife ayenera kuyambira, chifukwa munthu wopsa mtima amaona zidandaulo zonse ngati bodza limodzi pamene kwenikweni zimakhala nkhani zosiyana. Zitalembedwa, mavidiyowo anagawika patatu.

Mavidiyo 4 anali ndi nyimbo ya m'chimbale monga inatulukira ku situdiyo. Mnyamatayu anailandira pa WhatsApp kwa mlembi wa kwaya, ndipo anaiika koyambirira kwa vidiyo, pamene amaonetsa mkwatibwi akukonzeka ndi magalimoto akunyamuka. Apa makina sanalakwitse.

Mavidiyo 6 anali ovutirapo. Kwaya inaimbadi pamaso pa anthu, ndipo mnyamatayu anajambuladi ndi kamera yake, koma oimbawo ankatsogozedwa ndi zing'wenyeng'wenye za ku situdiyo zimene zinkalira pa masipika kuchokera pa flash. Makina anamva kiyibodi ndi ng'oma zomwe zija ndipo anazizindikira. Zinamutengera nthawi kuti avomereze kuti chithunzi chikhoza kukhala chake pamene gawo lina la mawu omveka mkati mwake lili ndi mwini wina. Ndaona kuti makwaya ambiri masiku ano amaimba motere ku maukwati chifukwa kubwereka woimba kiyibodi n'kokwera mtengo, choncho gulu ili la zidandaulo tidzakumana nalo kawirikawiri.

Vidiyo yotsala, imene inachotsedwa ija, inali yosiyana ndi zonse. Inaikidwa pa tchanelo chimbale chisanajambulidwe n'komwe. Amayi a kwaya anaimba popanda choimbira chilichonse pa mwambo wovundukula chiliza, ndipo mawu awo anamveka bwino kotero kuti mwini situdiyo anawatsitsa pa YouTube, nawayeretsa pa kompyuta, n'kuwaika ngati nyimbo yomaliza ya chimbale. Ndiye kuti mnyamatayu anadandaulidwa pa mawu amene anajambula yekha. Umboni unalipo wokwanira: fayilo yoyambirira inali pa kompyuta yake ndi tsiku lake, tsiku loikira pa YouTube linali la m'mbuyo kuposa la chimbale, ndipo pakati pa ndime yachiwiri panamveka hutala ya kombi (minibasi) imene inkadutsa mumsewu, pa sekondi yomweyo m'vidiyo ndi m'chimbale. Pa vidiyo imeneyi anali ndi mlandu wolimba, koma chifukwa chimene analemba potsutsa chinali chofooka. Ananena kuti analoledwa ndi kwaya, pamene ankayenera kunena kuti mawuwo anajambula ndi iye mwini, n'kupereka umboni. Wogwira ntchito ku kampani yakutali, amene akuwerenga mawu akuti "kwaya inandiloleza" pamene m'mabuku mwake mwini nyimbo ndi situdiyo, sakanachitira mwina koma kukana.

Nditatha apo ndinapita kukaonana ndi mwini situdiyo. Sanali munthu wakuba monga mnyamatayu ankaganizira. Anatumiza chimbale ku kampani yofalitsa nyimbo kuti chipezeke pa Spotify, Apple Music ndi kwina, ndipo polemba fomu anaona bokosi lolonjeza ndalama zochokera ku mavidiyo a YouTube amene akugwiritsa ntchito nyimbozo. Analichonga akuganiza za ngongole imene kwaya inali isanamubweze. Pochonga bokosilo anatsimikizanso kuti iye yekha ndiye ali ndi ufulu wonse pa nyimbozo, chifukwa Content ID imalandira zinthu zokhazo zimene wolembetsa ali nazo ufulu wayekha. Kampani itamufunsa pa imelo ngati anapereka chilolezo kwa tchanelo chakutichakuti, anayankha kuti ayi, zimene zinali zoona, osadziwa kuti yankho limenelo lidzathera pa strike ya mwana amene anamuona akukula.

Pa lamulo, nyimbo imodzi imakhala ndi maumwini awiri osiyana. Pali nyimbo yopekedwa, ndiye kuti mawu ndi kaimbidwe kake, ndipo pali nyimbo yojambulidwa, ndiye kuti mawu amene anagwidwa tsiku lakutilakuti ndi makina akutiakuti. Lamulo la Zimbabwe la Copyright and Neighbouring Rights Act, Chapter 26:05, limene linakhazikitsidwa mu 2000 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004, limateteza zonse ziwiri popanda kufuna kuti munthu akalembetse kwina kulikonse, mogwirizana ndi pangano la maiko la Berne lokhudza umwini wa zopekedwa. Pa nyimbo yojambulidwa, funso lalikulu ndi lakuti ndani anakonza zonse kuti ijambulidwe, ndipo apa kwaya ndi mwini situdiyo onse anali ndi ponena: kwaya ndiyo inapempha ntchito ndi kulipira gawo, pamene mwini situdiyo anaikapo makina ake, luso lake ndi nthawi imene sanalipidwe. Lamulo lomweli limafuna kuti kusamutsa umwini kwa munthu wina kulembedwe ndi kusainidwa. Popeza panalibe pepala, mwini situdiyo sakanatha kuonetsa kuti kwaya inamupatsa gawo lake, ndipo mlembi wa kwaya sakanatha kupereka chilolezo pa WhatsApp m'malo mwa onse.

Chimene chinasintha nkhani yonse chinatuluka nditafunsa funso limene ndimafunsa nthawi zonse: nanga nyimbozi anapeka ndani? Onse anayankha kuti ndi nyimbo za mpingo. Nditafunsitsitsa, mayi wina wachikulire wa m'kwaya ananena kuti nyimbo 5 mwa 8 zija anapeka ndi malemu mphunzitsi wawo wa kwaya, bambo wochokera ku Ntcheu amene anagwira ntchito kuno zaka zambiri n'kumwalira muno mu Harare. Akazi a malemuwo alipo ku Mufakose, ndipo anatitulutsira kope lakale m'mene malemuwo ankalemba mawu a nyimbo ndi manotsi a tonic sol-fa ndi dzanja lawo, ena ali ndi masiku. Mu Zimbabwe, monganso ku Malawi, umwini wa wopeka umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, ndipo umapita kwa olowa chuma chake. Malemuwa sanalembetsepo nyimbo zawo ku ZIMURA, bungwe loona za ufulu wa opeka nyimbo muno limene linayamba mu 1982, kapena ku COSOMA ya ku Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1992. Choncho anthu atatu ankakangana pa ndalama za nyimbo pamene banja la amene anazipeka silinkadziwa n'komwe kuti nyimbozo zikubweretsa kanthu. Ichi chinandikhudza kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mipingo yathu muli amasiye ambiri amene ali ndi makope ngati limeneli m'masutikesi.

Nyimbo 3 zotsalazo zinali za makolo zimene zimaimbidwa pa maukwati kuyambira kale, ndipo wozipeka sadziwika. Malamulo a maiko onse awiri ali ndi ndime zake zokhudza zaluso za makolo, ndipo ARIPO (bungwe la maiko a mu Africa loona za umwini wa nzeru ndi zaluso), imene likulu lake lili muno mu Harare, ili ndi pangano la Swakopmund la 2010 pa nkhani yomweyi. Pa mlandu wathu chofunika chinali chakuti palibe mwa anthuwa amene angadzitche wopeka wa nyimbo zimenezo, ngakhale kajambulidwe kake ka ku situdiyo kali ndi eni.

Zimene tinasankha, ndi zifukwa zake

Chosankha chachikulu chinali pa vidiyo yochotsedwa ija. Njira imene inali yotseguka ndi counter notification, pamene mwini tchanelo amalumbira kuti vidiyo yake inachotsedwa molakwika, ndipo wodandaula amapatsidwa masiku 10 a ntchito kuti aonetse kuti wakasuma ku khoti, apo ayi vidiyo imabwezeretsedwa. Mnyamatayu anali ndi umboni woti akanapambana. Komabe ndinamulangiza kuti njirayi tiisunge ngati yomaliza. Choyamba, wolemba pempholi amapereka dzina lake lonse ndi keyala, zimene zimatumizidwa kwa wodandaula, ndipo amavomera kuti mlandu ukhoza kuweruzidwa ndi khoti la ku America, chinthu chimene munthu sayenera kusainira ali wokwiya. Chachiwiri, makampani ofalitsa nyimbo akazindikira kuti kasitomala wawo analembetsa chinthu chosakhala chake, kawirikawiri amachotsa chimbale chonse kapena kutseka akaunti, ndipo ovulala akanakhala a kwaya, amene ndi omwe amabweretsa oonera ku tchanelo chake. Chachitatu, kupambana pa vidiyo imodziyo kukanasiya mavidiyo 10 ali momwemo ndi mwini situdiyo ali mdani. Njira yachidule inali yakuti wodandaula mwiniwake abweze pempho lake, chifukwa akatero strike imachoka ndipo vidiyo imabwerera ndi oonera ake onse. Podikira zimenezo ndinamuuza kuti achite maphunziro afupi a Copyright School amene YouTube imafuna, kuti ngakhale zokambirana zitakanika, strike ithe yokha pakapita masiku 90.

Ndinamuletsanso kufufuta mavidiyo odandaulidwawo, monga anzake ena anamuuzira. Kufufuta sikuchotsa strike, kumataya maola oonera, ndipo kukanakhumudwitsa mabanja amene analipira kuti ukwati wawo uzioneka. Pa mavidiyo 4 a gulu loyamba tinayesa zipangizo za mu YouTube Studio zimene zimalola kudula gawo, kuzimitsa nyimbo kapena kuikapo ina. Mabanja awiri anavomera kuti nyimbo ya koyambirira isinthidwe ndi ya mu Audio Library, nkhokwe ya nyimbo zaulere ya YouTube, ndipo zidandaulo zinachoka. Mabanja awiri enawo anakana, ponena kuti nyimbo imeneyo ndiyo anaisankha pa tsiku lawo, ndipo ndinaona kuti kukana kwawo n'komveka.

Ena angafunse chifukwa chake sitinangosiya zidandaulo kuti mnyamatayu azigawana ndalama ndi eni nyimbo kudzera mu YouTube momwemo. Njira yotero ilipodi kwa amene ali mu YouTube Partner Program (ndondomeko yolandirira ndalama za otsatsa malonda ija) ndipo aimba okha nyimbo ya munthu wina, pamene kampani yoimira wopeka yalembetsa nyimboyo ndi kuvomera kugawana. Koma kuno chimene chinalembetsedwa chinali nyimbo yojambulidwa, ndipo pa chidandaulo chotero mwini tchanelo sankalandira kanthu. Vidiyo ya ukwati ya maola awiri, imene mnyamatayu anaijambula tsiku lonse ndi kuikonza masiku angapo, ndalama zake zonse zinkachoka chifukwa cha nyimbo ya mphindi zinayi. Makina alibe sikelo yoyezera kulemera kwa ntchito ya aliyense m'vidiyo yotero, ndipo n'chifukwa chake kugawa koyenera kunafunika kuchitika kunja kwa YouTube.

Tinakumana kunyumba kwa mkulu wa mpingo ku Mufakose Lamulungu lina mapemphero atatha. Panali mnyamatayu, mwini situdiyo, wapampando ndi msungichuma wa kwaya, ndi amayi amasiye aja pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Ndinapempha kuti tisayambe ndi ndalama, koma timvetsere nyimbo yomaliza ya chimbale kenako vidiyo ya pa chiliza. Hutala ya kombi itamveka kachiwiri, mwini situdiyo anatembenukira kwa mnyamatayu nati, "Mwana wanga, pamenepa ndinalakwa, mawu awa ndi ako." Mnyamatayu anayankha kuti, "Bambo, inenso nyimbo yanu ndinaiika osakupemphani." Kuyambira pamenepo zokambirana zinayenda. Ndimalangiza anzanga kuti pa mikangano ya anthu odziwana tiziyamba ndi umboni umene aliyense angaumve ndi makutu ake, chifukwa kutchula ndime za malamulo koyambirira kumachititsa kuti munthu aziona ngati wabweretseredwa loya.

Povuta panali pa amayi amasiye. Atamva kuti pali gawo la malemu amuna awo, anakana. Anati, "Ana anga, bambo anuwa ankaimbira Mulungu, sankagulitsa nyimbo, ine ndalama imeneyo sindingaigwire." Ena pamalopo anapepukidwa mtima, chifukwa kukanako kukanachulukitsa gawo lawo. Ndinafotokoza mwaulemu kuti maganizo awo tikuwalemekeza, ndipo kwaya ipitiriza kuimba nyimbozo kutchalitchi monga kale, koma umwiniwo ndi gawo la chuma cha masiye, chimene chikukhudzanso ana, kuphatikizapo mwana wamwamuna amene ali ku Bulawayo ndipo sanafunsidwe. Chuma cha malemu chinali chisanalembetsedwe kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye, choncho panalibe munthu amene anali ndi mphamvu yokana kapena kuvomera m'malo mwa onse. Kulandira kukana kwa mayi wachikulire pa msonkhano wa anthu amene akupindula ndi kukanako sikukanakhala chilungamo, ndipo mgwirizano womangidwa pamenepo ukanagwa tsiku limene mwana mmodzi akanafunsa.

Mgwirizano umene unasainidwa unali wa masamba awiri, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Umwini wa nyimbo 7 zojambulidwa ku situdiyo unakhala wa kwaya ndi mwini situdiyo theka ndi theka, ndipo ngongole yotsala ija inathetsedwa posinthana ndi theka limenelo. Pa ndalama zonse zimene kampani yofalitsa imatumiza pa nyimbo 5 za malemu, 20 peresenti imayamba yachotsedwa kukhala ya banja lawo, kenako zotsala zimagawidwa pawiri. Mawu a pa chiliza anavomerezedwa kuti ndi a mnyamatayu, ndipo iye analola kuti akhalebe m'chimbale, dzina lake litatchulidwa, koma achotsedwe mu Content ID. Mnyamatayu analoledwa kugwiritsa ntchito nyimbo za chimbale m'mavidiyo ake, ndipo pa vidiyo iliyonse imene muli nyimbozo kapena zing'wenyeng'wenye zake amapereka 25 peresenti ya ndalama za vidiyoyo miyezi itatu iliyonse, akuonetsa tsamba la YouTube Studio kwa msungichuma. Ziwerengero izi si za lamulo lililonse. Tinazipeza pokambirana, poona kutalika kwa nyimbo m'vidiyo ndi poonanso kuti anthu ambiri amatsegula mavidiyowo chifukwa cha kwaya yomweyo, ndipo pa mlandu wina zikhoza kukhala zosiyana.

Zimene zinatsatira

Mwini situdiyo analembera kampani yofalitsa tsiku lomwelo, ine ndili pomwepo, kupempha zinthu zitatu ndi kuika maulalo a mavidiyo onse: kubweza pempho lochotsa vidiyo, kusiya zidandaulo zotsala, ndi kuchotsa nyimbo yomaliza mu Content ID. Zidandaulo zinachoka msanga. Kubweza pempho kunatenga masabata angapo, chifukwa kampani inafuna kalata yosainidwa, ndipo mgwirizano wathu ndi umene unakhala kalatayo. Vidiyo inabwerera ndi ndemanga zake zonse, ndipo strike inachoka masiku 90 asanakwane.

Chimene sichinatheke ndi kuika tchanelo chonse pa mndandanda wa ololedwa kuti makina asamachidandaulenso. Content ID imalola zimenezi, koma kampaniyi inkangomasula vidiyo imodziimodzi ikapemphedwa. Choncho tinakonza kachitidwe kena. Mnyamatayu amaika vidiyo yatsopano mosaonetsa kwa anthu, amadikira kuti YouTube ione ngati muli chidandaulo, amatumiza ulalo kwa mwini situdiyo amene amapempha kuti imasulidwe, ndipo ikamasulidwa m'pamene amaitulutsa. Zimachedwetsa vidiyo masiku angapo, ndipo eni ukwati amawauziratu pojambula. Ndikulangiza anzanga kuti kasitomala asanasankhe kampani yofalitsa, afunse kaye ngati imalola mndandanda wa ololedwa, ndi gawo limene imatenga pa ndalama za Content ID, chifukwa makampani amasiyana kwambiri pa zimenezi.

Ndalama za masabata oyamba aja, zimene zinapita kwa wodandaula mnyamatayu asanatsutse, sizinabwerere zonse. Mwini situdiyo anabweza pa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni) gawo la vidiyo ya pa chiliza, limene linali loonekeratu kuti silinali lake. Za mavidiyo enawo ndinalangiza kuti zisiyidwe, popeza zidandaulo zimenezo zinali ndi maziko ndipo kampani inali itachotsa kale gawo lake. Mnyamatayu sanakondwe nazo ndipo anandiuza mosabisa, koma anasaina.

Gawo la banja la malemu likusungidwa ndi msungichuma wa kwaya m'buku lapadera, ndipo mwana wawo wamkazi amaona bukulo miyezi itatu iliyonse. Kope la nyimbo lija tinalijambula tsamba ndi tsamba, ndipo zithunzizo zili ndi ana onse awiri. Mwana wa ku Bulawayo akufuna kuti nyimbo zilembetsedwe ku ZIMURA m'dzina la bambo ake, kuti zikaimbidwa pa wailesi kapena zikajambulidwa ndi makwaya ena banja lizidziwa, ndipo wayamba ndondomeko yolembetsa chuma cha masiye, imene iyenera kutha kaye kuti papezeke woimira banja. Amayi awo sanasinthe maganizo pa zogwira ndalamazo, koma anavomera kuti zikadzatuluka zidzalipire sukulu ya adzukulu. Pamene ndikulemba lipotili, tapeza kuti kwaya ina ya ku Lilongwe inajambulanso nyimbo ziwiri za malemuwa ndi kuziika pa YouTube m'dzina lake, ndipo kalata yopita kwa iwo ikudikira kuti woimira banja asankhidwe.